Kompyuta siimva mikuluwiko: kodi sayansi ya makompyuta n'chiyani?

Loweruka lina, mvula ya mawawa ikugwa monga ichitira kuno ku Mzuzu, ndinapita kukacheza kwa mlongo wanga ku Chibavi. Mwana wake wamkazi, amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, sanadikire n'komwe kuti ndimalize kapu ya tiyi.

"Amalume, anzanga akuti ndikafuna kudzapeza ntchito msanga ndisankhe za makompyuta ku Mzuni. Koma Word ndi Excel ndinaphunzira kale pa holide. Ndiye zaka zinayi zonsezo akandiphunzitsanso chiyani?"

Funso limeneli ndalimva kwa ana ambiri, ndi kwa makolo omwe, ndipo ndi funso labwino. M'tauni muno muli malo ambiri ophunzitsa kompyuta, ndipo zimene amaphunzitsa n'zothandiza: kutayipa kalata, kusanja manambala m'mabokosi, kutumiza imelo. Koma kumeneko n'kugwiritsa ntchito pulogalamu imene munthu wina analemba kale. Sayansi ya makompyuta imayambira kuseri kwake, kumene kunakhala wolemba uja. Ndipo phata lake si makinawo ayi. Phata lake ndi ndondomeko: mmene ungafotokozere ntchito mwatsatanetsatane, mpaka chinthu chopanda nzeru n'kuigwira osaphonya.

Sindinamuyankhe msanga. Mayi ake ndi mlembi wa banki m'khonde ya amayi a m'dera lawo, choncho ndinapempha kope lija la chikuto cholimba limene amalembamo masheya.

"Kuyambira pano ine ndine kompyuta," ndinatero. "Zimene ndimatha n'zochepa. Ndimawerenga mzere umodzi wa m'kopemu pa nthawi imodzi. Ndikhoza kulemba pa kapepala aka, kufufuta, n'kulembapo china. Ukandipatsa manambala awiri ndikhoza kukuuza yaikulu. Basi. Tsopano undilamule kuti ndipeze mayi amene ali ndi masheya ambiri."

"Si mungoyang'ana, amalume? Akuonekeratu, ndi awa apa."

"Kungoyang'ana sindikudziwa. Ndiuze chochita ndi mzere woyamba."

Anakhala chete kanthawi, akuluma cholembera. Kenako anayamba. Werengani mzere woyamba, mulembe nambala yake pa kapepala. Pitani pa mzere wotsatira. Ngati nambala yake ikuposa ya pa kapepala, fufutani yakaleyo mulembepo yatsopanoyo; ngati siikuposa, isiyeni. Pitaninso pa mzere wotsatira, muchite chimodzimodzi.

Ndinachita ndendende zimene ananena. Ndinatsika mzere ndi mzere, maina onse 24, ndipo nditafika pa dzina lomaliza sindinaime. Ndinadutsa mizere yopanda kanthu, n'kutembenuza tsamba, n'kuyamba kuwerenga manambala a ngongole ngati masheya.

"Imani! Maina atha kale!"

"Sunandiuze kuti maina akatha ndiime."

Anakonza. Titabwereza panatulukanso china: pa kapepala panali nambala yaikulu ija, koma dzina la mwini wake sitinalisunge paliponse. Anakonzanso. Kachitatu tinapeza kuti amayi awiri anali ndi masheya ofanana, ndipo malangizo ake anatchula woyamba yekha, poti wachiwiriyo sanapose. Apa mayi ake, amene ankamvetsera ali kukhitchini, analowererapo: "Akafanana muwatchule onse awiri, achimwene. Mukatchula mmodzi mutiyambanitsa."

M'mphindi zochepa zimenezo mwanayo anali atalemba pulogalamu yake yoyamba, atapeza zolakwika zitatu n'kuzikonza, asanakhudze makina alionse. Ntchito ya wolemba mapulogalamu ndi imeneyi, tsiku ndi tsiku.

Chimene chimaivutitsa n'chakuti anthufe tinazolowera kumvana ndi mawu ochepa. Ukatuma mwana kuti akagule tomato ku Zigwagwa, sumuuza kuti asatole wowola, kuti akapeza wakwera mtengo anenerere, kapena kuti akatha kugula abwerere kunyumba. Mipatayo amadzaza yekha. Akuluakulu amatha kukamba mlandu wonse m'mikuluwiko, omvera n'kutola tanthauzo. Kompyuta siitola kanthu. Chimene sunanene siichita, ndipo chimene wanena molakwa imachichita molakwa momwemo, maulendo mamiliyoni pa sekondi imodzi, osatopa, osafunsa. Choncho wolemba pulogalamu amakakamizika kuimvetsa ntchito mpaka m'makona amene eni ake sanaganizepo chiyambire kuigwira. Taonaninso kumene yankho la amayi ofanana masheya linachokera: silinachokere m'masamu, linachokera kukhitchini, kwa mwini ntchito. Mapulogalamu ambiri amene ndawaona akulephera sanalephere chifukwa wolemba sankadziwa chinenero cha kompyuta, koma chifukwa sanakhale pansi ndi eni ntchito kuwafunsa mafunso otere.

Mndandanda wa malangizo ngati umenewu, woyambira pena n'kukathera pena, wopanda mawu omveka pawiri, umatchedwa algorithm. Ine m'Chichewa ndimangoti ndondomeko. Mawuwa ndi akale kuposa magetsi a m'nyumba. Anachokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, ndipo zolemba zake zinathandiza kufikitsa ku Ulaya manambala amene timawerengera lerowa. Nafenso ndondomeko tinaziphunzira kupulayimale osadziwa dzina lake. Samu yowonkhetsa ija ya "lemba 3, sunga 1" ndi algorithm yeniyeni: mwana woitsata bwino amapeza yankho lolondola ngakhale asakumvetsa chifukwa chake imagwira.

Mukayang'anitsitsa malangizo a mtsikana uja mupezamo zinthu zitatu zokha. Muli kutsatana: chita ichi, kenako icho. Muli kusankha: zikakhala chonchi chita ichi, apo ayi chita icho. Muli kubwereza: chitabe mpaka maina athe. Mu 1966 akatswiri awiri a ku Italy, Corrado Böhm ndi Giuseppe Jacopini, anatsimikiza mwamasamu kuti zitatu zimenezi n'zokwanira kumangira ndondomeko ina iliyonse imene kompyuta ingathe kutsata. WhatsApp, makina a kubanki, pulogalamu youlutsa ndege, zonsezo ndi njerwa zitatu zomwezi, zosanjikizidwa kambirimbiri.

Mkati mwa makina

M'foni kapena m'laputopu muli kachidutswa kotchedwa processor, kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo m'menemo muli timaswitchi mabiliyoni totchedwa ma transistor. Switchi iliyonse imadziwa ziwiri zokha, kuyaka ndi kuzima, zimene timalemba 1 ndi 0. Imodzi yotero ndi bit. Ma bit 8 amapanga byte, ndipo angasanjidwe m'njira 256 zosiyana. Mukagula bandulo ya 1GB mwagula chilolezo chotumiza ndi kulandira ma byte pafupifupi biliyoni imodzi.

Nanga zilembo zimalowamo bwanji? Anthu anangogwirizana kuti chilembo chilichonse chikhale ndi nambala yake. Pa mgwirizano wa ASCII, umene unatuluka ku America mu 1963, A wamkulu ndi 65, ndiye kuti 01000001. Mgwirizanowo unali ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. Chilembo cha ŵ, chimene timachiona m'dzina la Malaŵi, chimenenso anzathu olemba Chitumbuka kuno satha ndime osachilemba, munalibemo. Chinadzapeza malo mu Unicode, mgwirizano waukulu umene unayamba mu 1991, ndipo nambala yake ndi 373. N'chifukwa chake mpaka lero ukalemba ŵanthu m'pulogalamu yakale, nthawi zina pamatuluka kabokosi kapena chizindikiro cha funso. Kankhani kameneka kamandikhudza. Chimene chipeze malo m'makina ndi chimene chisowe malo amasankha ndi anthu, ndipo pamene akusankhapo pakapanda wathu, zathu zimakumbukiridwa mochedwa.

Chithunzi nachonso ndi manambala, onena mtundu wa kadontho kalikonse. Mawu a pafoni ndi manambala, onena mmene mpweya ukunjenjemerera. Ngakhale malamulo amene processor imatsata ndi manambala: tenga chili pamalo akuti, wonkhetsa, ika apo, lumphira ku lamulo lakuti.

Makompyuta oyamba ankalamulidwa movutikira chomwecho. ENIAC, imene inaonetsedwa ku Philadelphia mu 1946, inkalemera matani pafupifupi 30 ndipo inali ndi machubu agalasi pafupifupi 18,000. Amayi 6 amene anali oyamba kuipatsa ntchito ankachita kulumikiza mawaya ndi kutembenuza maswitchi pamanja, kwa masiku angapo, kuti samu imodzi iyambe. Kenako kunabwera ganizo limene linasintha zonse: bwanji osalemba pulogalamu yoti izimasulira mawu omveka kwa munthu kuti akhale manambala omveka kwa makina? Grace Hopper anali mmodzi mwa oyamba kuchita zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Womasulira wotereyu amatchedwa compiler. Zinenero zolembera mapulogalamu zinayamba kubadwa: FORTRAN mu 1957, COBOL mu 1959, C mu 1972, Python mu 1991, Java ndi JavaScript mu 1995.

Malangizo oyamba a mtsikana uja, m'chinenero cha Python, amaoneka chonchi:

masheya = [12, 30, 48, 7, 48, 25]
wamkulu = masheya[0]
for nambala in masheya:
    if nambala > wamkulu:
        wamkulu = nambala
print(wamkulu)

Mzere woyamba ndi kope lija. Wachiwiri ndi kapepala, kolembedwa nambala yoyamba. M'zinenero zambiri kuwerenga kumayambira pa ziro, choncho masheya[0] ndiyo nambala yoyambayo. Mawu oti for ndiko kubwereza, ndipo amadziwa okha kuima mndandanda ukatha. Mawu oti if ndiko kusankha, pamene print ndi kuonetsa yankho. Maina oti masheya, wamkulu ndi nambala ndasankha ndekha. Kompyuta ilibe nawo kanthu kaya ndi a Chichewa, a Chitumbuka kapena a Chitonga. Mawu a Chingerezi amene Python imasunga ngati akeake sakwana n'komwe 40.

Achinyamata amakonda kundifunsa kuti chinenero chabwino n'chiti. Ndimati ayambe ndi Python poti imawerengeka mosavuta, koma asataye nazo tulo. Wodziwa chimodzi bwinobwino, chachiwiri sichimutengera nthawi. Chovuta ndi kuganiza kuja kumene tinachita ndi kope.

Kuti muone kukula kwa kuganizako, tengani nkhani yotumiza ndalama pafoni. Wakwera kabaza kuchokera kudepoti kupita ku Mchengautuwa, m'thumba mulibe kanthu, ukuti ndikutumizira pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Pamaso ndi ntchito imodzi, koma mkati ndi ziwiri: kuchotsa K1,000 kwa iwe, kuika K1,000 kwa wakabaza. Nanga makina akazimira pakati, yoyamba itachitika, yachiwiri isanachitike? Ndiye kuti ndalama yasowera m'malere. Akatswiri a nkhokwe zosungira zinthu m'kompyuta, zimene amati database, anathera zaka zambiri pa funso limeneli. Lamulo limene anakhazikitsa ndi lakuti ntchito ziwirizo zimangidwe mtolo umodzi: zichitike zonse, apo ayi pasachitike n'imodzi yomwe. Makina amayamba alemba m'kaundula zimene akufuna kuchita asanazichite, kuti akayakanso aone pamene analekera, amalize kapena abweze. Onjezanipo anthu masauzande otumiza nthawi imodzimodziyo, ndi akuba ofunafuna polowera, ndiye mwayamba kuona kumene zaka zinayi zija zimathera: kasungidwe ka zinthu, kalumikizidwe ka makina, chitetezo, ndi masamu ogwirizira zonsezi.

Liwiro ndi malire

Ndondomeko ikhoza kukhala yolondola koma yopanda phindu chifukwa cha kuchedwa, ndipo apa m'pamene mawu oti sayansi amayenerera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mzinda wa Mzuzu unali ndi anthu oposa 220,000. Tiyerekeze kuti maina awo onse ali m'buku limodzi, iwe ukufunamo limodzi. Kutsika mzere ndi mzere, monga tinachitira ndi kope la banki, ukachita tsoka uwerenga onse. Koma ngati mainawo asanjidwa motsata alifabeti, tsegula pakati penipeni. Dzina ukufunalo lili kutsogolo kapena kumbuyo? Theka losafunikalo lisiye. Tsegulanso pakati pa lotsalalo, usiyenso theka. Ukatero maulendo 18 okha, watsala ndi dzina limodzi. Dziko lonse, anthu 17.5 miliyoni a kalembera yemweyo, maulendo 25. Anthu achuluka pafupifupi ka 80, koma ntchito yangoonjezekera ndi maulendo 7. Makina ndi omwewo. Chasintha ndi nzeru ya kasakidwe. Mbali yaikulu ya phunziroli ndi kuyeza ndondomeko motere, kufunsa kuti zinthu zikachuluka ntchito ikula bwanji.

Pali ntchito zina zimene mpaka lero palibe wazipezera njira yachidule yotero. Lole yanyamuka ku Mzuzu kukatula katundu ku Ekwendeni, Rumphi, Karonga, Chitipa, Nkhata Bay, Chintheche, Mzimba ndi malo ena, n'kubwerera. Iyambire kuti, ithere kuti, kuti mafuta apite ochepa? Malo akakhala 10, njira zowasanjira ndi 3,628,800, ndipo kompyuta imaziyesa zonse m'kuphethira kwa diso. Akakhala 20, chiwerengerocho chimatalika kufika manambala 19, moti makina oyesa njira biliyoni imodzi pa sekondi angathe zaka 77. Zilipo nzeru zochepetsera ntchitoyi, ndipo makampani onyamula katundu amagwiritsa ntchito ndondomeko zopeza njira yabwino ndithu, ngakhale isakhale yoposa zonse. Koma funso lakuti kodi mavuto a mtundu umenewu ali ndi njira yachangu yotsimikizika silinayankhidwebe. Limatchedwa P ndi NP, ndipo mu 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute linaika mphotho ya madola 1 miliyoni kwa amene adzaliyankhe. Palibe waitenga.

Ndiye palinso zimene kompyuta singathe n'komwe, ngakhale itakhala yaliwiro motani. Mukukumbuka mmene ndinapitirizira kuwerenga kope osaima? Mapulogalamu amachita zimenezo kawirikawiri. Foni ikangouma osayankha, nthawi zina n'chimenecho. Zikanakhala bwino pakanakhala pulogalamu yolosera, yoti ukaipatsa pulogalamu ina iliyonse izikuuza ngati idzaima kapena idzazungulira mpaka kalekale. Mu 1936 Alan Turing wa ku England anatsimikiza kuti mlosi wotero sangakhalepo. Mfundo yake mwachidule ndi iyi: atakhalapo, ukhoza kulemba pulogalamu yamakani imene imafunsa mlosiyo za iyo yomwe, n'kuchita zosemphana ndi zimene wanena. Akati uima, iyo izungulira. Akati uzungulira, iyo iima. Mlosi walakwa mbali zonse ziwiri. Turing anapeza malire amenewa zaka pafupifupi 10 ENIAC isanaonetsedwe, ali ndi pepala ndi cholembera.

Nyerere m'mkuyu

Cholakwika cha m'pulogalamu amachitcha bug, ndipo palibe wolemba amene sachipanga. Zina zimaoneka tsiku lomwelo. Zina zimagona zaka, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Amene muli ndi mita ya magetsi yogulira mayunitsi mukumbukira kuti 2024 isanathe kunali chilengezo choti mamita akonzedwe polowetsamo manambala apadera. Chifukwa chake chinali ichi. Tokeni iliyonse ya manambala 20 imanyamula mkati mwake nthawi imene inagulidwa, kuti munthu asailowetse kawiri. Nthawiyo inkawerengedwa m'mphindi kuyambira pa 1 Januwale 1993, ndipo anaipatsa malo a ma bit 24. Ma bit 24 amasunga manambala 16,777,216 basi, ndipo mphindi zochuluka chomwecho zinakwana pa 24 Novembala 2024. Kupitirira apo kawerengedwe kakanabwerera pa ziro, mita n'kumakana tokeni zatsopano poziyesa zakale. Sinali nkhani ya Malawi yekha. Inakhudza mamita mamiliyoni m'maiko ambiri, South Africa ndiye kwambiri. Amene anasankha ma bit 24 sanali opusa, ndipo kumeneku sikunali kulakwitsa kwenikweni. Malo mu tokeni anali ochepa, zaka 31 zinkaoneka kutali, ndipo tsiku la malirewo linkadziwikiratu, choncho panali mpata wokonzekera.

Nthawi zina mpatawo sukhalapo. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika patangopita masekondi pafupifupi 40 chinyamukire ku French Guiana. Nambala ina yokhudza liwiro inakula kuposa 32,767, malire a malo a ma bit 16 amene inkaikidwamo. Chigawo chimenecho cha pulogalamu chinatengedwa ku roketi yakale, Ariane 4, imene kaulukidwe kake sikankafikitsa nambalayo pamenepo. Chinagwira bwino kwa zaka, mpaka tsiku limene chinapatsidwa katundu amene sichinamangidwire.

N'chifukwa chake nthawi yambiri ya wolemba mapulogalamu siithera pa kulemba, koma pa kuyesa ndi kusaka. Bwanji kope likakhala lopanda dzina n'limodzi lomwe? Bwanji wina akalemba chilembo O m'malo mwa ziro? Bwanji mayi mmodzi akalembedwa kawiri, pena ndi dzina la kwawo, pena la kubanja? Umatha kukhala usiku wonse kusaka kadontho kamodzi koikidwa polakwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kuona kwanga mwana wofulumira kutaya mtima amavutika ndi phunziroli kuposa mwana wofookerapo pa masamu.

Poyambira

Mu 1843 Ada Lovelace anasindikiza ndondomeko yowerengera manambala ena ovuta pa makina amene Charles Babbage anawajambula ku London, otchedwa Analytical Engine. Makinawo sanamangidwe mpaka onse awiri anamwalira. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti m'masekondale ambiri, makamaka a CDSS, ana amamva za kompyuta osaikhudza, kapena gulu lonse limaunjirira pa imodzi, magetsi akakhalapo. Sindikuti makina ndi osafunika. Ndi ofunika, ndipo mwana wa ku Euthini ayenera kuwapeza monga awapezera wa ku Katoto. Koma mphunzitsi amene ali ndi choko ndi bolodi angathe kuphunzitsa phata la phunziroli lero lomwe: ana asanje makadi a manambala kuyambira yaing'ono, wina akhale kompyuta, anzake amulamule, apeze okha pamene malamulo awo akudontha. Amene ali ndi foni yamakono angaikemo pulogalamu yolembera Python. Kwa ang'onoang'ono kuli Scratch, imene inapangidwa ku yunivesite ya MIT ku America n'kutuluka mu 2007, mmene mwana amalumikiza malamulo ngati njerwa m'malo motayipa.

Wofuna kupitiriza, Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga ili ndi maphunziro a ICT, ndipo za makompyuta zikuphunzitsidwanso ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo. Ntchito yake si ya kunja kokha. Mapulogalamu osunga mbiri ya odwala amene bungwe la Baobab Health Trust linafalitsa m'zipatala za m'dziko muno, olemba ake ambiri anali Amalawi, ndipo anayenera kuganizira zinthu zimene wolemba wa ku London sakanaziganizira: magetsi ozimazima, wodwala wosadziwa tsiku lake lobadwa, namwino mmodzi pa mzere wautali.

Nanga poti masiku ano kuli mapulogalamu ngati ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, otha kulemba code, ndiye kuti malamulo a pulogalamu, ukangowauza m'mawu wamba? Amathadi, ndipo mizere 6 ija angailembe bwinobwino. Ena amati amenewa ndiye ayamba kumva mikuluwiko. Ine ndimati amaganizira chimene ukufuna, ndipo kuganizira kumalasa pena, pena n'kuphonya. Sakudziwa kuti ku Chibavi amayi awiri akafanana masheya atchulidwe onse. Pakufunikabe munthu wodziwa kunena chimene chikufunika, wotha kuwerenga zimene zalembedwa n'kuona pamene pabisala nyerere. Ndiponso mapulogalamu ngati ChatGPT omwewo pansi pake ndi ndondomeko, masamu ochulukitsa ndi kuwonkhetsa manambala mabiliyoni, oyalidwa ndi anthu amene anaphunzira zimene tikukambazi.

Patatha milungu iwiri mtsikana uja ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Anali ataika Python pafoni ya mayi ake n'kulemba pulogalamu yogawa ndalama za banki pakutha pa chaka: kuwonkhetsa zonse za m'bokosi, kugawa ndi chiwerengero cha masheya onse kuti apeze mtengo wa sheya imodzi, kenako kuchulukitsa ndi masheya a mayi aliyense.

"Amalume, ikugwira. Koma ndikawonkhetsa zimene aliyense walandira sizikukwana ndalama za m'bokosi. Pakutsala K550."

Ndinamufunsa chimene anachita ndi timakwacha tapamwamba tosakwana K50, poti pa tsiku logawana palibe amene angamayende kufuna chenji chotero. Anati anauza pulogalamu kuti izingotidula.

"Ndiye todulidwato tapita kuti?"

Panapita mphindi zingapo asanayankhe. "Ndi K550 ija."

Funso lakuti ndalama imeneyo ipite kuti, kaya m'thumba la zadzidzidzi, kaya igule shuga wa tsiku logawana, kaya idikire chaka chamawa, analipereka kwa mayi ake. Mlongo wanga akuti alitengera ku msonkhano wa gulu Lachinayi likubwerali, ndipo mwanayo wasiya mzere wopanda kanthu kumapeto kwa pulogalamu yake, kudikira zimene amayiwo akagwirizane.